Mwala wa Chiphaliwali ndi Thiranki ya Amalume

Amalume anga anathera unyamata wawo wonse pansi pa nthaka, ndiye palibe amene akanaganiza kuti pa ukalamba angadzatengeke ndi za m'mlengalenga. Amene anayambitsa zonsezi ndi madamu omwe ndinkawagwirira ntchito ya m'nyumba. Tsiku lina akukonza m'galaja anandipatsa katoni ya madisiki a kanema pamodzi ndi kamakina kake, nati mwana wawo wakula, zachibwanazi sazifunanso. Ndinalandira ndi manja awiri, monga ndinkalandirira chilichonse chotuluka m'nyumba imeneyo, ngakhale ketulo yopanda chivindikiro. Ndinakwera nayo takisi mpaka ku Berea, dera lina la mu Joni, m'fulati ya pamwamba imene tinkakhalamo mabanja atatu. Ine ndinkagona kuchipinda ndi mayi wina wa ku Zimbabwe woluka tsitsi. Amalume ankagona pakhonde lotchingidwa ndi magalasi, ndipo TV yawo yaing'ono inali pomwepo, pamwamba pa thiranki yachitsulo.

Ndiyambe ndanena chimene ndinkafuna ku Joni. Ntchito ndinkaifuna, inde, monga aliyense. Koma tsiku limene ndinkanyamuka kwathu ku Ntcheu, mayi anga anandigwira dzanja pa depoti nandiuza mawu amene sanandichoke m'makutu: "Ntchito ukagwire, koma ukabwere ndi achimwene anga. Akabwere akuyenda ndi miyendo yawo, wamva?" Ndinavomera msangamsanga ngati andituma mchere kumsika.

Amalumewo ndinali ndisanawaonepo. Anachoka komaliza mayi anga akadali kamtsikana, ine kulibe, ndipo pamene anzawo a m'migodi ankabwezedwa kumudzi iwo anatchona. Mbumba yonse inakula popanda mwini wake. Maukwati ankamangidwa, milandu inkakambidwa, agogo anaikidwa m'manda, zonsezo zikuchitika pampando wa amalume palibe munthu.

Ndinawapeza ali bambo wamtali, wowonda, waukhondo kwambiri, wolondera magalimoto masana pasitolo ina. Chifuwa chawo chinkafika pakhomo iwo akadali pamasitepe. Chinali chouma, chosatulutsa kanthu, ndipo ankachitcha mnzawo wa kumgodi. Za kumudzi sankakana. Munthu wokana n'ngosavuta, umadziwa pomugwira. Iwo ankavomera ndi mtima wonse. "Tipita, mwana wa mlongo wanga, tipita. Khirisimasi ikubwerayi." Makhirisimasi awiri anadutsa tikupita choncho.

Madisiki a madamu aja, ambiri anali a nkhani imodzi yaitali ya chombo chachikulu choyenda pakati pa nyenyezi. Chombocho chinkathamanga kuposa kuwala. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti kuwala kumathamanga, ndinkayesa kumangokhalapo ukayatsa getsi. Amalume ndi amene anandimasulira atamvetsera bwinobwino: kuchoka pa nyenyezi ina kufika pa inzake kuwala kumayenda zaka ndi zaka, koma chombochi chinkafika tiyi asanazizire. Chinsinsi chake chinali mwala. Unali wa mtundu wa maluwa a jakaranda, waukulu ngati mbatata, ndipo mayi wina wovala magolovesi oyera ankauika m'kabokosi pamimba pa chombo. Akangouika, kanema yense ankachita mbee, kenako chombo chili kale kwina. Dzina la mwalawo linali lachingerezi lopinda lilime. Amalume anayesa kulitchula kangapo, n'kulephera, ndipo anangoubatiza dzina lakuti chiphaliwali.

Tinkaonera Lamlungu masana tikabwera kutchalitchi chathu cha Amalawi, chimene chinkasonkhana m'holo yobwereka kumunsi kwa msewu. Chingerezi cha amalume chinali cha kumgodi, chimene munthu amachiphunzira pokalipiridwa, koma nkhani ankaitsata kuposa ine. Lamlungu lina anaimitsa kanema pamene mayi uja anali atanyamula mwala, nayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza galasi.

"Taona magolovesiwo," anatero. "Oyera ngati a mkwatibwi. Mwala umenewu akuukumba ndani?"

"Amalume, ndi kanema chabe."

"Hayikona. Mwala sudzikumba wokha, ngakhale wa m'kanema. Pali munthu waboola, pali waphulitsa, pali malayisha waukweza m'ngolo. Ali kuti? Ationetse nkhope zawo."

Umalayisha ndi ntchito imene iwo anayambira, yokweza miyala ndi fosholo utagwada, denga la mgodi likukukhudza pamsana. Kuyambira tsiku limenelo nkhondo za m'kanemamo sizinkawakhudzanso, ngakhale zibwenzi za m'chombo. Ankadikira okumba. Kaputeni, bambo wa ndevu zometedwa bwino, ankadandaula pafupifupi m'gawo lililonse kuti chiphaliwali chatsala pang'ono kutha, ndipo amalume ankamuyankha ngati akuwamva: "Ndiye tsika ukakumbe, bwana. Chikepe chikudikira." Mitundu ya anthu a ku nyenyezi zosiyanasiyana inkaphana chifukwa cha mwalawo. Ena ankauba, ena ankaubisa, mfumu ina inakwatitsa mwana wake kuti iupeze. Koma nthawi zonse unkafika uli wotsukidwa kale, wolongedzedwa bwino, wopanda fumbi ngakhale pang'ono.

"Kumeneko kuli Amalawi, ndikukuuza," ankatero amalume. "Kulikonse kumene kuli dzenje lakuya ndi malipiro ochepa, wathu amakhala atafika kale. Mwina wa ku Dedza. Angomubisa kuti asadetse kanema."

Ndinkaseka, chifukwa nanenso ndinali ndi funso langa. Malaya othina a anthu a m'chombowo ankachapa ndani, poti tsiku lililonse ankatuluka ali ositidwa? Tinagwirizana kuti ndi mkazi wa munthu wa ku Dedza uja, m'kachipinda ka kumbuyo kwa chombo, ndipo Lamlungu ankamupatsa theka la tsiku.

Kuseka kwanga kunkathera panjira amalume akayamba zina. Chombo chikangochita mbee, ankapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Titakhala ndi kachidutswa ka chiphaliwali, ngakhale ngati njere ya chimanga, bwenzi ndikumwa tiyi ku Ntcheu, n'kubwera kudzatsuka kapu kuno."

"Basi ilipo, amalume. Masiku awiri okha."

"Eish, basi imachedwa. Ndikudikira mwala."

Munthu wochedwa zaka zoposa makumi atatu ankadandaula masiku awiri a basi, m'maso muli gwa.

Chimene chinkawagwira miyendo chinali pansi pa TV pomwepo, m'thiranki muja. Kwathu munthu wochokera ku Joni salowa m'mudzi chimanjamanja, ndipo sindikunena za kapaketi ka shuga. Aliyense wa m'mbumba, kuyambira nkhalamba mpaka khanda, amayenera kulandira kanthu kake m'manja, akumutchula dzina, ndipo amene walumphidwa amakusungira kukhosi mpaka kalekale. Kwa mwini mbumba wotchona ndiye zimaposa pamenepo. Katundu ndi amene amapepesa m'malo mwake, iye atangokhala chete pamphasa. Amalume lamulo limeneli ankalisunga kuposa khumi aja a m'Baibulo. Kuyambira kalekale ankagula kamodzikamodzi: nsapato, mabulangete, mipango, malaya a ana, wailesi ya mabatire. Thiranki itadzaza anayamba matumba a mizeremizere aja, ndipo awiri anali atatupa kale moti ankawatsamira pogona.

Vuto linali lakuti mbumba sinkadikira. Nthawi iliyonse mayi anga akaimba foni, nkhani inali yoti uje wabereka, uje wakwatira, uje watenga mkazi wa ana awiri. Amalume ankasangalala moona mtima, kenako nkhope inkagwa, milomo ikuyenda yokha, akuwerengera m'mutu. Mwezi umene akanagula tikiti ankagula kabulangete. Ndinawauza kuti mbumba yathu ikuchulukana mothamanga kuposa chombo chawo chija, moti ngakhale ndi chiphaliwali sangaipeze. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, koma Loweruka lake anapita kukagula kabulangete.

Tsiku lina anatsitsa TV n'kutsegula thiranki kuti katundu apitidwe mphepo. Fungo la mankhwala othamangitsa njenjete linadzaza fulati yonse. Pamwamba panali tinsapato tofiira ta mwana wongoyamba sukulu, ta mtundu umene ndinali ndisanauonepo m'sitolo iliyonse.

"Iti n'ta ndani?" ndinafunsa.

"Ta mchimwene wako, wa kwa mayi ako aakulu."

"Amalume, munthu ameneyo ali ndi ndevu ndi ana atatu. Amapalasa kabaza."

"Ndikudziwa. Zazikulu ndinamugulira, zili m'thumbamo. Koma iti ndinamulonjeza."

Ndiye kuti ena ankawagulira kawiri, poyamba monga anawasiyira, kenako monga anamvera pafoni. Pansi penipeni panali kamtolo kokulungidwa m'pepala lakhaki, komangidwa ndi ulusi. Nditatambasula dzanja anandiletsa. "Ako kasiye, kali ndi mwini wake."

Mtima unandipsa. Ndinaiwala kuti ndikulankhula ndi mwini mbumba. "Mayi anga sakufuna nsapato, amalume, akufuna inu. Mukuganiza kuti usiku amalota mabulangete?"

Sanakwiye. Anapinda kamalaya kena bwinobwino nakabwezera m'malo mwake. "Iwe ndiwe mwana, sudziwa. Ndikafika chimanjamanja adzandifunsa kuti zaka zonsezi ndimatani. Ndidzayankha kuti chiyani? Kuti ndimatsokomola?"

Ndinawamvera chisoni ndipo ndinawakwiyira nthawi imodzi, moti sindinkadziwa kuti ndilire kapena nditaye thirankiyo pazenera. Mayi wa ku Zimbabwe uja anali akuluka munthu pakhomo la kuchipinda, ndipo zonse anazimva. Agogo ake anali ochokera ku Malawi, amene anapita kukagwira ntchito m'mafamu a fodya, ndipo iye Chichewa ankachilankhula chopindikapindika. Osasiya kuluka anati, "Asekuru anga naonso anali ndi bokisi so. Tinagawana tokha pafamu." Amalume anachita ngati sanamve. Anabwezera TV pathiranki n'kukweza mawu, kaputeni akudandaula za chiphaliwali.

Nyengo yozizira ya chaka chimenecho chifuwa chinakula. Chikepe cha m'fulati yathu chinali chitafa kalekale, ndipo amalume anayamba kupumira pa nsanja iliyonse, atagwira chitsulo cha masitepe, akunamizira kuti akuonera mzinda. Ntchito yolondera anaisiya. Ndinapempha tsiku kwa madamu n'kuwakokera kuchipatala, iwo akunyinyirika njira yonse kuti mnzawo wa kumgodi amamudziwa, safuna mankhwala. Anawajambula m'chifuwa. Dokotala anali mtsikana wa msinkhu wanga, ndipo anakweza chithunzicho pa getsi kuti tione. Mapapo anali ndi timadontho toyera paliponse ngati munthu wawazapo ufa. Anafunsa kuti amalume anagwira m'mgodi nthawi yaitali bwanji, ndipo atamva anagwedeza mutu. Anati limenelo ndi fumbi la mwala, linalowa kalekale n'kukhazikika, mapapo auma, ndipo palibe mankhwala amene angalitulutse. Kenako anayang'ana amalume, osati ine, nawauza mwaulemu kuti ngati pali kumene akufuna kupita, apite tsopano.

Ine misozi inali italengeza kale. Tinatuluka n'kupita pokwerera matakisi. Tili pamzere amalume anayamba kuseka, kuseka kwenikweni, kotsokomola pakati.

"Ukudziwa kuti ankatisecha potuluka? M'matumba, m'majombo, paliponse. Akakupeza ndi kamwala, zako zada. Ndiye taona, ndinawatulutsira mgodi wonse pamaso pawo, iwo osaona."

"Amalume, si zoseketsa."

"Chiphaliwali ndili nacho, mwana iwe. Ndimachifuna m'kanema chili muno." Anadzigunda pachifuwa ndi chala. "Manje tiona ngati chimayendetsa munthu."

Ndipo chinayamba kuwayendetsadi. Zimene zinakanika zaka zonse zija zinatheka sabata imodzi. Anavomera popanda kutchula Khirisimasi. Anamanga matumba ndi zingwe, anatsanzika kutchalitchi, TV anailonjeza kwa mayi wa ku Zimbabwe. Ine ndinagula matikiti a basi ya kumapeto kwa mwezi, ndipo madamu anandilola kupita atandifunsa katatu ngati ndidzabweredi. Nditawauza mayi anga pafoni anaimba nthungululu mpaka khutu langa linalira. Sindinawauze za chithunzi chija. Ndinkaganiza kuti adzaona okha, achimwene awo atakhala kale pamphasa. Masiku amenewo ndinkayenda mopepuka, ndikudziona ngati munthu amene watumidwa chinthu n'kuchikwanitsa.

Madisiki otsala tinawaonera mothamanga, chifukwa amalume ankafuna kuona okumba asananyamuke. Katoni inatha nkhani ili pakati. Disiki yomaliza mwina inatsala m'galaja mwa madamu, mwina mwana wawo anaitaya. Gawo lomaliza limene tinali nalo linathera pamene chombo chaima pakati pa mdima, mwala watha, kaputeni wagwira mutu. Amalume anadikira mpaka mayina onse a opanga kanema atadutsa, ngati mwina wa ku Dedza uja atulukira pamenepo.

"Ngakhale kumwamba wokumba saoneka," anatero. "Zimitsa."

Kutatsala sabata imodzi mayi anga anaimba, mawu ali m'mwamba. Mwana wa mchimwene wanga wina anali atabereka mapasa, ana aakazi okhaokha. Foni inali m'manja mwa amalume, ndipo ndinkamva zonse. "Mukubwera pa nthawi yake, achimwene! Sitiwatcha mayina, tidikira inu." Amalume anathokoza, anaseka, anadalitsa. Atatseka foni anayang'ana matumba omangidwa aja, milomo n'kuyamba kuyenda.

"Amalume, ayi," ndinatero.

"Ana awiri. Ndikawatche mayina chimanjamanja?"

"Chabwino, ndikagula ine Loweruka. Inu musatsike masitepe amenewa mpaka tsiku la basi."

"Sharp," anatero, ndipo ndinayenera kukumbukira kuti munthu ameneyu kuvomera sikunkamuvuta.

Lachinayi, ine ndili kuntchito, anavala jekete n'kutsika. Kwa iwo chinthu chopatsa mwana wa m'mbumba ankayenera kusankha ndi mwini mbumba, ndi maso ake, osati kutuma. Unali mwezi wa mphepo, pamene fumbi lachikasu la m'mapiri a zinyalala za migodi limauluka n'kuphimba mzinda, ngati mgodi ukutsatira anthu ake kunyumba. Anayenda wapansi mpaka kumasitolo a m'tauni, anagula tizipewa tiwiri taulusi, kena kapinki kena koyera, kuti anawo asadzasokonezedwe. Mayi wa ku Zimbabwe anawapeza madzulo atakhala pamasitepe pakati pa nsanja ziwiri, pepala la tizipewa lili m'manja, osatha kukwera, osatha kutsika. Tinawanyamula kupita nawo kuchipatala. Anakhalako masiku ochepa, mpweya akupumira m'chipaipi, ndipo nthawi imodzi imene anatha kulankhula bwino anandifunsa ngati tizipewa ndatiika m'thumba loyenera. Anatisiya Lolemba m'mawa, tikiti ya basi ili m'jekete.

Ndinakwiya. Ndinakwiyira amalume, ndinakwiyira mgodi, ndinakwiyira ngakhale makanda awiri osalakwa amene sakanatha kudikira sabata imodzi kuti abadwe. Koposa zonse ndinkaopa foni. Mayi anga atamva sanalire pomwepo. Anangofunsa kuti, "Ndiye abwera bwanji?"

Yankho linabwera ndi azibambo a kutchalitchi. Anandiuza zimene sindinkadziwa, kuti amalume anali m'gulu lathu lothandizana pa maliro kuyambira pamene linayamba, ndipo sanalumphepo mwezi, ngakhale miyezi imene ankagonera buledi ndi tiyi. Analinso atawauza momveka bwino kuti iwo asadzawakoke m'ngolo kumbuyo kwa minibasi monga amachitira ena, adzawakweze ndege. Ndiye kuti tikiti yobwerera ankailipira mokhulupirika zaka zonsezo, kungoti inali ya mtundu umenewo.

Thiranki ndi matumba sizikanakwera nawo. Ndinanyamuka nazo ine pa basi ija, mpando wa pambali panga uli wopanda munthu, ndikusiya azibambo aja akuthamanga ndi mapepala a maliro. Kondakitala anadandaula kulemera kwa katundu, nandifunsa ngati ndanyamula miyala. Pachipata choyamba tinakhala nthawi yaitali, pachiwiri anatitsitsa n'kumasula zingwe zonse za amalume, ndipo wapolisi wina anakweza tinsapato tofiira tija n'kuseka. Titadutsa Tete basi inawonongeka, tinakhala pansi pa mlambe dzuwa likuswa mtengo, mpaka tsiku linatha. Foni yanga inali itasiya kugwira kuyambira pamene tinatuluka m'Joni. Masiku awiri aja anasanduka anayi.

Pachipata cha Mwanza, ndili pamzere wodinditsa pasipoti, netiweki ya kwathu inabwera, ndipo mauthenga awiri analowa nthawi imodzi. Woyamba unali wa mkulu wa mpingo ku Berea, wakuti amalume anyamuka. Wachiwiri unali wa mchimwene wanga wa kabaza, wakuti amalume afika, awalandira ku Lilongwe. Ndinawerenga woyamba, chala chisanachoke pafoni ndinawerenga wachiwiri. Kanema anachita mbee, chombo chili kale kwina. Ndinaseka mokweza pamzere pomwepo, kenako kusekako kunasanduka kulira, moti mayi amene anali kumbuyo kwanga anakokera mwana wake pafupi.

Ndinafika m'mudzi m'mawa wa tsiku loika maliro. Mayi anga anali pamphasa pakati pa azimayi, ndipo ndinagwada patsogolo pawo mawu onse amene ndinakonza m'basi atathawa. "Anditsogolera, mayi," ndi zokhazo zimene ndinatha kunena. Sanandidzudzule. Anandigwira dzanja lomwe lija anandigwira pa depoti, n'kulisunga.

Kumanda ndinaona adzukulu amene anakumba, ali mbuu ndi dothi mpaka m'tsitsi, makasu ali pamapewa. Woyendetsa mwambo anayamba kuthokoza iwowo asanathokoze wina aliyense, ndipo chakudya anayamba kulandira ndi iwo. Ndinaima n'kuwayang'ana nkhope mmodzimmodzi, m'malo mwa amalume.

Thiranki tinaitsegula mawa lake, mbumba yonse itakhala pabwalo. Ntchito yotchula mayina inagwera ine, chifukwa ndinali nditamva kambirimbiri kuti ichi n'cha uje, icho n'cha uje. Tinsapato tofiira tinakwana mwana wachiwiri wa wakabaza, ndipo anathamanga nato kuzungulira nyumba. Malaya a ana anapeza ana a eni ake. Bulangete la agogo linaperekedwa kwa mayi aakulu, poti mwini wake anali atagona kale pafupi ndi pamene tinaika amalume. Wailesi inalira titaika mabatire, anthu n'kuwomba m'manja. Tizipewa tinakwana mapasa ndendende. Panali kuseka, panali kulira, koma palibe ngakhale mmodzi amene analumphidwa, ndipo nkhalamba zina zinkanong'onezana kuti munthuyu anali wodziwa mwambo.

Chomaliza chinali kamtolo ka pepala lakhaki. Mayi anga okha ndi amene anali asanalandire kanthu, ndiye ndinakaika m'manja mwawo. Ulusi unali utalimba moti anachita kuudula ndi mano. Munali diresi lachikasu la kolala yoyera, la kamtsikana kachiuno chopyapyala, lisanavalidwepo, mizere ya mopindamo itayera chifukwa cha zaka. Analikweza n'kuliyeza pathupi pawo. Silinafike ngakhale theka la chifuwa.

Anatiuza, osayang'ana munthu, kuti tsiku limene achimwene awo ankachoka anawathamangira mpaka kumsewu, n'kukuwa kuti akawagulire diresi lachikasu. Amalume anatembenuka n'kuyankha kuti abwera nalo Khirisimasi ikubwerayi.

Mayi anga analipinda diresilo motsata mizere yake yakale, naliika pamiyendo, manja onse awiri ali pamwamba pake.

"Ndikanadziwa," anatero, "sindikanapempha kanthu."